Mmene mungakonzere zosindikiza za payunivesite popanda kutaya ndalama

Pafupifupi payunivesite iliyonse pali kachipinda kamene anthu sakonda kutsegula. M'menemo muli makatoni ounjikana mpaka kudenga: mabuku ofotokoza maphunziro a zaka zinayi zapitazo, makalendala a chaka chimene chinatha kalekale, malipoti a pachaka amene owerenga ake okhulupirika ndi chiswe chokha. Katoni iliyonse ndi ndalama zimene zinatuluka m'bajeti.

Ine ndinagwirako ntchito mu ofesi yoona zofalitsa pasukulu ina ya ukachenjede, ndipo ndinkaganiza kuti amene amatidyera ndalama ndi osindikiza. Ndinadzazindikira mochedwa kuti ndalama zambiri zimathera pa desiki pathu pomwe, fayilo isanapite n'komwe kumakina: tikalosera chabe chiwerengero cha makope, tikasankha saizi yachilendo, ndiponso tikasintha mawu nthawi itatha. Malangizo awa atsata njira yonse, kuyambira pa ganizo mpaka katoni yomaliza kulowa pakhomo.

Yambani ndi mndandanda umodzi wa chaka chonse

Chaka cha boma cha zachuma ku Malawi chimayamba pa 1 Epulo, ndipo mayunivesite a boma amayendera chomwecho. Choncho Januwale kapena Febuluwale ndi nthawi yoyenda m'maofesi ndi kabuku m'manja. Pitani kwa rejisitala, kulaibulale, ku ofesi ya mayeso, ku ofesi yosamalira ophunzira, ndi kwa mkulu wa nthambi iliyonse ya maphunziro. Musatumize kalata yokha, chifukwa ambiri sayankha; mupite nokha. Funsani chilichonse chimene akufuna kusindikiza chaka chikubwerachi: buku lofotokoza maphunziro, kabuku ka mwambo wopereka madigiri, buku la malamulo a ophunzira, lipoti la pachaka, magazini ya kafukufuku, timabuku tolembamo mayeso, mafomu, mapepala olembera makalata, zikwangwani za misonkhano.

Pa chinthu chilichonse lembani zinthu zinayi: awerenge ndani, chifike liti m'manja mwawo, anthuwo ndi angati, ndipo zolembedwazo zikhala zoona kwa nthawi yaitali bwanji. Funso lachinayili ndi limene anthu amalidumpha, koma ndi limene limadzaza kachipinda kaja.

Mndandandawu ukatha mudzaona zodabwitsa. Madipatimenti atatu akufuna timapepala tolengeza maphunziro mwezi womwewo, aliyense wa saizi yake, aliyense kwa wosindikiza wake. Zoterezi ziphatikizeni. Timapepala titatu ta saizi imodzi, pa pepala la mtundu umodzi, tingathe kulowa pa puleti imodzi (chitsulo chopyapyala chimene makina amadindira zolembedwa pa pepala), ndipo mtengo wokonzera makina mulipira kamodzi m'malo mwa katatu.

Kenako chotsani zosayenera kusindikizidwa

Si zonse zimene zimafuna inki. Lipoti la pachaka la masamba 90 limawerengedwa ndi khonsolo ya yunivesite, a kuunduna, ndi mabungwe ochepa othandiza. Amenewa ndi anthu makumi angapo, ndipo onse ali ndi kompyuta. Sindikizani makope ochepa okongola a anthu amenewa ndi a laibulale, ena onse alandire PDF.

Koma musatengeke n'kunena kuti zonse zipite pa intaneti. Mwana wa Fomu 4 wa pa sekondale yoyendera ku Nthalire kapena ku Makanjira alibe bandulo yotsitsira fayilo yaikulu, mwinanso foni ili ndi mphunzitsi wamkulu yekha. Kwa iyeyu pepala lomata pa bolodi la sukulu ndi limene limagwira ntchito, ndipo limawerengedwa ndi kalasi yonse kwa teremu yathunthu. Apa ndi pamene ndalama zosindikizira zimabala zipatso.

Pa zimene mwasankha kusindikiza, siyanitsani zokhalitsa ndi zosinthasintha. Mbiri ya sukulu, kufotokoza za kosi iliyonse ndi mapu a pasukulu zingakhale zaka zitatu. Fizi, masiku otsegulira, manambala a akaunti ya kubanki ndi mayina a akuluakulu sizichedwa kusintha. Zimenezi ziikeni pa kapepala kapadera kolowetsa m'buku, kakuda kokhakokha, koti mungathe kukasindikizanso ndi ndalama zochepa. Ngakhale dzina lenileni la sukulu limasintha: mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi. Kusintha kotero kukamamveka kuti kuli m'njira, musasindikize maenivelopu ndi mapepala a makalata a zaka zisanu.

Werengani anthu, musalosere

"Tisindikize 5,000 kuti asaperewere." Mawu amenewa ndawamva m'misonkhano kambirimbiri, ndipo palibe tsiku limene wonenayo anafotokoza kumene 5,000 wachokera. Chiwerengero chichokere pa mndandanda wa kogawa. Ngati bukulo likupita m'masekondale, lembani kuti chigawo chilichonse mwa zigawo zisanu ndi chimodzi za maphunziro chilandira angati, sukulu iliyonse angati, ndipo adzanyamula ndani. Buku lopanda wolinyamula silipita kulikonse. Ngati ndi kabuku ka mwambo wa madigiri, tengani chiwerengero cha omaliza maphunziro kwa rejisitala, muonjezere alendo amene aliyense waloledwa kubwera nawo, aphunzitsi ndi oitanidwa mwapadera. Banja limodzi limatha kugawana kabuku kamodzi, koma dziwani kuti agogo amene achokera kumudzi amafuna kawo kokasunga m'sutikesi.

Pamwamba pa chiwerengerocho onjezerani asanu kapena khumi pa 100 alionse. Musaiwale a laibulale yanu ndi a National Archives ku Zomba, kumene lamulo limafuna kuti mabuku osindikizidwa m'dziko muno azisungidwako. Komweko ndi kumene mumakatenga nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku pa dziko lonse lapansi, ngati chimene mukutulutsa ndi buku lenileni. Ipempheni msanga, chifukwa iyenera kukhala pachikuto fayilo isanapite.

Saizi, masamba, pepala ndi mitundu

Apa ndi pamene pali nyama, ndiye tikhalitsepo.

Wosindikiza sasindikiza tsamba limodzilimodzi. Amaika masamba ambiri pa chipepala chimodzi chachikulu, n'kuchipinda, n'kudula m'mbali. Chipepala cha A1 chimanyamula masamba a A4 asanu ndi atatu mbali imodzi, 16 mbali zonse ziwiri. Cha A2 chimanyamula theka lake. Saizi ya A4, ya mamilimita 210 ndi 297, komanso A5, ya 148 ndi 210, zimakwana bwino pa mapepala amenewa popanda zotsala zambiri. Wojambula, amene amakonza kaonekedwe ka masamba, akakubweretserani buku la mbali zinayi zofanana kapena lalitali modabwitsa chifukwa "likuoneka lamakono", mufunseni wosindikiza kuti pa chipepala chimodzi palowa masamba angati. Nthawi zambiri mupeza kuti gawo lalikulu la pepala likupita m'dzala, ndipo zodulidwazo mwalipira ndinu.

Chiwerengero cha masamba nacho chili ndi lamulo lake. Kabuku komanga ndi masitepulo pakati kayenera kukhala ndi masamba ogawika ndi 4, chifukwa pepala limodzi lopinda pakati limatulutsa masamba anayi. Mukabweretsa masamba 50, mulipira 52, awiri opanda kanthu. Ndi bwino kufinya nkhani kuti ikwane 48, ndipo 48 ndi nambala yabwino kwambiri chifukwa ndi zigawo zitatu zathunthu za masamba 16. Kawirikawiri masamba awiri oonjezerawo ndi mawu oyamba a akuluakulu atatu onena chinthu chimodzimodzi. Pemphani mwaulemu kuti alembe mmodzi, kapena onse akwane pa tsamba limodzi. Ndikudziwa, sizophweka.

Masitepulo amagwira bwino mpaka masamba 60 kapena kupitirirako pang'ono, malinga ndi kukhuthala kwa pepala. Kuposa apo buku limayamba kuyasama, ndipo pamafunika kumata ndi guluu kumsana, zomwe zimakwera mtengo komanso zimatenga masiku ambiri.

Kulemera kwa pepala amakuyeza m'magalamu pa sikweya mita, n'chifukwa chake mumamva 80 gsm kapena 130 gsm. Pepala wamba la mu ofesi ndi 80. Pepala lonyezimira la m'magazini limakhala pakati pa 115 ndi 150, ndipo chikuto chimafuna 250 kapena 300. Buku la malamulo a ophunzira, magazini ya kafukufuku ndi mndandanda wa mayina sizifuna kunyezimira. 80 ndi lokwanira, ndipo maso satopa powerenga. Pepala lonyezimira lisungireni masamba a zithunzi.

Kulemeraku kumakutsatani mpaka pamsewu. Pepala limodzi la A4 la 80 gsm limalemera magalamu 5. Buku la masamba 64 lili ndi mapepala 32, ndiye magalamu 160 osawerengera chikuto. Makope 2,000 ndi makilogalamu 320, ngati matumba a chimanga asanu ndi limodzi ndi kanthu. Buku lomwelo pa 130 gsm likufika makilogalamu 520, matumba khumi ndi kupitirira. Amene adzalipire galimoto yochoka ku Blantyre kukafika ku Chitipa adzamva kusiyanako.

Tsopano mitundu. Chithunzi cha mitundu yonse chimatuluka posakaniza inki zinayi, zimene osindikiza amazitcha CMYK, ndipo inki iliyonse imafuna puleti yakeyake. Chigawo cha masamba 16 chakuda chokhachokha chimafuna mapuleti awiri, imodzi mbali iliyonse. Chigawo chomwecho cha mitundu yonse chimafuna asanu ndi atatu. Kachizindikiro kamodzi kofiira pakona pa tsamba lililonse kakukwanira kusandutsa buku lonse kukhala lokwera mtengo. Nzeru yake ndi iyi: chikuto chikhale cha mitundu yonse, zithunzi zonse zofunika zisonkhane m'chigawo chimodzi, masamba otsala akhale akuda. Koma funsani wosindikiza kuti masamba ati agwera m'chigawo chimodzi, chifukwa m'kabuku ka masitepulo zigawo zimalowana m'kati: masamba oyambirira amakhala pa chipepala chimodzi ndi omalizira.

Makina ati: offset kapena digital

Makina a offset amafuna mapuleti ndi nthawi yokonzera, choncho kope loyamba ndi lokwera mtengo kwambiri, koma makope otsatira amatsika. Makina a digital alibe mapuleti. Kope loyamba ndi la nambala 1,000 mtengo wake ndi wofanana kapena kusiyana pang'ono.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, pofuna kuona kawerengedwe kake. Wa offset akuti kukonzera makina ndi K600,000, kenako K800 pa kope. Wa digital akuti K2,000 pa kope basi. Pa makope 200, offset ndi K760,000 pamene digital ndi K400,000. Pa makope 2,000, offset ndi K2,200,000 pamene digital ndi K4,000,000. Mitengo iwiriyi imakumana pa makope 500. Ikani manambala enieni a chaka chanu m'malo mwa awa, mupeze pokumanira panu. Zochepera apo, monga lipoti la pachaka ndi mabuku a pamsonkhano, zipite ku digital, ndipo zikatha mutha kuonjezera 30 mawa lomwe.

Chenjerani ndi msampha umodzi. Wosindikiza adzakuuzani kuti mukaonjezera 1,000 mtengo wa kope utsika, ndipo sakunama. Koma kope lotsika mtengo limene palibe woliwerenga ndi ndalama zotayika basi.

Lembani zofuna zanu bwinobwino musanapemphe mitengo

Malamulo ogulira katundu m'mabungwe a boma, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, amafuna kuti mufananize mitengo ya ogulitsa osachepera atatu, ndipo ntchito zikuluzikulu zimadutsa ku komiti yogula zinthu kapena pa tenda. Kufananizako kumakhala kwa tanthauzo pokhapokha onse atatu akuyankha funso limodzi. Mukangoti "tipatseni mtengo wa buku la masamba 48", wina awerengera pepala lopyapyala, wina chikuto chopanda pulasitiki, ndipo wooneka wotsika mtengo ndi amene wachotsa zambiri.

Choncho lembani pepala limodzi lopita kwa onse: saizi buku likadulidwa, masamba a m'kati, mtundu ndi kulemera kwa pepala la m'kati ndi la chikuto, masamba a mitundu ndi akuda, kamangidwe, ngati chikuto chikutidwe ndi pulasitiki, chiwerengero cha makope, kalongedzedwe, tsiku ndi malo operekera. Pemphani mtengo wa ziwerengero ziwiri kapena zitatu, mwachitsanzo 1,000, 1,500 ndi 2,000. Funsani ngati VAT ndi mayendedwe zili momwemo, komanso kuti kusintha tsamba limodzi mapuleti atapangidwa kale ndi ndalama zingati. Pemphaninso buku lina limene anasindikizapo, muligwire, mulitsegule mwamphamvu muone ngati masamba sakuthothoka.

Chofunika kwambiri kuno kwathu ndi tsiku limene mtengowo uthera mphamvu. Mapepala, inki ndi mapuleti zimachokera kunja, ndiye mitengo yake imatsata ndalama zakunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kotesheni yolembedwa sabata imodzi izi zisanachitike inasanduka pepala wamba. Ngati LPO, chikalata choitanitsira katundu, kwanuko imatenga mwezi kuti isainidwe, yambani msanga, ndipo mufunse wosindikiza ngati pepala limene mukufunalo ali nalo kale mosungira katundu mwake kapena akuyembekezera kuitanitsa. Pepala limene lilipo kale, ngakhale lisiyane pang'ono ndi limene mumalota, ndi fodya wa pamphuno.

Werengani masiku chobwerera m'mbuyo

Yambirani pa tsiku limene bukulo liyenera kukhala m'manja mwa anthu, muzibwerera. Masiku atatu olandirira ndi kugawa. Sabata imodzi kapena awiri a kumakina, kuphatikizapo kuuma kwa inki ndi kumanga. Masiku atatu oonera chitsanzo cha bukulo chochokera kwa wosindikiza. Sabata awiri a wojambula. Ndipo onjezerani masiku ena a magetsi, chifukwa akazima makina amaima, ndipo wosindikiza akayatsa jenereta kapena kugwiritsa anthu ntchito usiku, mtengo wake ubwera kwa inu. Kumapeto kwa chaka osindikiza amakhala otanganidwa ndi makalendala ndi madayale, ndipo nyengo ya chisankho amadzazidwa ndi ntchito za kampeni. Ntchito yosafulumira muipititse miyezi ina.

Pa ndondomekoyi pakhale tsiku limodzi lolembedwa ndi inki yofiira: tsiku lotseka kulandira zosintha. Rejisitala alidziwe ndipo alivomereze polemba. Chaka china tinalandira mayina ena asanu ndi awiri a omaliza maphunziro mapuleti atapangidwa kale. Popeza mayina amayenda motsata alifabeti, kulowetsa asanu ndi awiriwo kunakankha masamba onse otsatira, ndipo tinapanganso mapuleti a zigawo ziwiri. Chichokereni apo ndinkasiya malo pang'ono kumapeto kwa mndandanda wa kosi iliyonse, ndipo kosi yatsopano inkayambira pa malo akeake, kuti dzina lochedwa lisagwedeze buku lonse.

Mayina awerengedwe ndi anthu awiri, wina akutchula mokweza kuchokera pa mndandanda wovomerezeka, wina akutsata pa tsamba. Maso a munthu mmodzi amadumpha Mhone ndi Mhoni, Chirwa ndi Chilwa, Nyirenda ndi Nyirongo. Kholo limene lagulitsa mbuzi kuti mwana aphunzire likapeza dzina lolakwika, chikuto chonyezimira sichilitonthoza. Chimangokhala chikomekome cha nkhuyu.

Konzani fayilo, kenako sainani chitsanzo

Tumizani PDF yokonzedwera kusindikiza, osati fayilo ya Word, imene imasuntha mizere ikatsegulidwa pa kompyuta ina. Zithunzi zikhale za 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa saizi imene zisindikizidwire. Chithunzi chodutsa pa WhatsApp chimafinyidwa ndipo chimatuluka chachimbuuzi, ndiye pemphani choyambirira kwa amene anachijambula. Mitundu ikhale ya CMYK. Chithunzi kapena mtundu wofika m'mphepete mwa tsamba upitirire ndi mamilimita atatu kunja kwa podulira. Mawu ang'onoang'ono akuda akhale a inki yakuda yokha, osati osakaniza zinayi, apo ayi amatuluka ngati ali ndi mthunzi. Zilembo zonse zilowe m'fayilo momwemo, ndipo ngati pali mawu kapena mayina okhala ndi ŵ, yang'anani kuti sanasanduke kabokosi. Ofesi imene ilibe ndalama zolipirira InDesign, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera masamba a mabuku, itha kugwiritsa ntchito Scribus, yomwe ndi yaulere. Mukakonza kalembedwe kabwino chaka chino, kasungeni, chaka chamawa mungosintha mawu ndi zithunzi m'malo molipiranso wojambula kuyambira pachiyambi.

Musalole makina kuyamba musanagwire chitsanzo cha papepala, chopindidwa monga buku lenileni. Onani ndondomeko ya masamba, manambala ake, mtundu wa chizindikiro cha sukulu, ndi mawu a pamsana. Pachikuto, pamene zilembo ndi zikuluzikulu, ndi pamene zolakwika zimabisala kwambiri, chifukwa aliyense amaganiza kuti wina waona kale. Wosaina akhale munthu mmodzi wodziwika, alembe tsiku, ndipo kope la chitsanzocho litsale kwa inu. Mukasaina, cholakwika chilichonse chimene chinali pamenepo ndi chanu.

Katundu akafika

Musasaine pepala lolandirira dalaivala akuthamangitsa. Werengani makatoni, tsegulani atatu kapena anayi, wina wapamwamba, wina wapansi, muwerenge za m'kati ndi kufananiza ndi chitsanzo chija. Yang'anani masamba osowa, ozondoka ndi odulidwa mokhota. Zimene mwapeza zilembeni pa pepala lomwelo musanalibweze, chifukwa dandaulo la sabata yamawa silimveka.

Makatoni asakhale pa simenti kapena kutsamira khoma. Aikeni pa matabwa, makamaka nyengo ya dzinja pamene chinyezi chimapinda mapepala. Gawani motsata mndandanda uja sabata yomweyo.

Pakatha miyezi itatu lowani m'kachipinda kaja muwerenge zotsala, mulembe m'kaundula mzere umodzi pa buku lililonse: tinasindikiza angati, pa mtengo wanji, kwa yani, anatenga masiku angati, atsala angati. Januwale akadzafika wina n'kunenanso kuti "tisindikize 5,000", mudzatsegule kaundulayo patebulo, mumuonetse kuti chaka chatha munasindikiza angati ndipo makatoni angati akadali pa matabwa.